Matenda a timatumba ta m'matumbo: zoti mutengepo pa kadyedwe ka Ayurveda ndi zoti musiye

Mwezi wathawu mayi wina wa kwathu ku Malawi, yemwe amakhala kuno ku Ongata Rongai, anabwera kusitolo ya mankhwala komwe ndimagwira ntchito atanyamula kajumbo. M'kajumbomo munali botolo la mafuta a nsatsi, paketi ya ufa wotchedwa triphala ndi kabokosi ka isabgol. Zonsezi anagula m'masitolo a amwenye ku Parklands atawerenga uthenga wa pa WhatsApp wonena za kadyedwe ka Ayurveda. Amuna awo anali atatuluka m'chipatala masiku atatu m'mbuyomo atawapeza ndi matenda a diverticulitis, ndipo anali akumwabe maantibayotiki. Mayiwo anangofunsa kuti, "Adokotala, pa izi ayambe ndi ziti?"

Ndinawauza kuti mafuta a nsatsi asayerekeze n'komwe, triphala aiike kaye pambali, isabgol idikire milungu ingapo, koma phala la mpunga ndi mphodza lomwe linalembedwa mu uthenga womwewo atha kuphika madzulo omwewo. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake ndinayankha choncho, kuti nanunso mukalandira malangizo otere muzitha kupeta nokha.

Kodi matendawa ndi otani?

Chakudya chikagayidwa m'matumbo aang'ono, zotsala zimapita m'matumbo aakulu momwe thupi limayamwamo madzi ndi kuumba chimbudzi. Munthu akamakula, khoma la matumbo aakuluwa limafooka m'malo ena, ndipo pamalo ofookawo pamatuluka timatumba tating'ono ngati mmene chubu cha njinga chimatulukira pa tayala lothetheka. Kawirikawiri timatumbati timakhala kumapeto kwa matumbo, chakumanzere m'munsi mwa mchombo.

Kukhala ndi timatumba kumatchedwa diverticulosis, ndipo pakokha si vuto lalikulu. M'mayiko a ku Ulaya ndi ku America, oposa theka la anthu opitirira zaka 60 ali nato, ambiri osadziwa n'komwe. Vuto limabwera kathumba kamodzi kakatupa kapena kulowedwa ndi tizilombo. Pamenepo ndiye pamatchedwa diverticulitis. Izi zimachitikira anthu ochepa, pafupifupi 5 kapena kucheperapo mwa anthu 100 alionse omwe ali ndi timatumba. Munthu amamva ululu wosalekeza chakumanzere m'munsi mwa mimba, thupi limatentha, amachita mseru, ndipo amadzimbidwa kapena kutsegula m'mimba. Nthawi zina kathumba kamachita mafinya kapena kuphulika, ndipo zikatero moyo umakhala pachiswe.

Kusiyana kwa nthawi ziwirizi, pamene m'matumbo muli bata ndi pamene mwatupa, ndiye mutu wa nkhani yonse ya chakudya. Chakudya chimene chimateteza pa nthawi ya bata ndi chomwecho chimene chimawonjezera ululu pa nthawi yotupa. Mauthenga ambiri oyenda pa foni sasiyanitsa zimenezi.

N'chifukwa chiyani agogo athu sankawadziwa?

Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, makamaka pachipatala cha Mulago ku Kampala. Iye anaona kuti matenda a timatumba, omwe anali ofala ku Britain, sankapezeka kwenikweni pakati pa anthu akumidzi mu Africa muno. Mu 1971 iye ndi mnzake Neil Painter analemba mu British Medical Journal kuti gwero lake ndi kuchepa kwa fayiba m'zakudya za azungu. Fayiba ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera yomwe thupi siligaya: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba ndi zipatso. Imasunga madzi, imafewetsa chimbudzi ndi kuchichulukitsa, choncho matumbo sakankha ndi mphamvu.

Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti si fayiba yokha. Zaka, chibadwa, kunenepa kwambiri, kusuta fodya, kukhala osachita zolimbitsa thupi, kudya nyama yofiira pafupipafupi ndi mankhwala ena zonse zimathandizira. Komabe mfundo yakuti anthu odya fayiba yambiri sagonekedwa kawirikawiri m'chipatala chifukwa cha matendawa ikadalipobe.

Tsono taganizirani mmene ife okhala kunja timadyera. Kumudzi munali mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe, nkhwani, chigwada, mbatata ndi magwafa a pakhomo. Kuno munthu amadzuka mbandakucha kuthawa mdipiti wa magalimoto pa msewu wa Magadi, amamwa tiyi ndi buledi woyera kapena mandasi, masana chapati kapena tchipisi, madzulo nsima ya ufa wa m'paketi wopetedwa mbee, ndipo Loweruka nyama yootcha ku Kiserian. Achibale athu a ku Johannesburg, Leeds kapena Dublin akudziwa kuti nkhani yake ndi yomweyi. Matendawa amatsatira mbale, sayang'ana khungu.

Kodi Ayurveda imati chiyani?

Ayurveda ndi njira yakalekale ya zamankhwala ya ku India. Mabuku ake akuluakulu, monga Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, analembedwa zaka zambirimbiri zapitazo, ndipo boma la India linakhazikitsa unduna wa AYUSH mu 2014 woyang'anira njirayi pamodzi ndi zina zachikhalidwe. Ku Nairobi, komwe amwenye akhala kwa mibadwo ingapo, zinthu zake zimapezeka mosavuta m'masitolo a ku Parklands ndi ku Ngara.

Mu Ayurveda, thanzi limadalira kugwirizana kwa mphamvu zitatu zotchedwa vata, pitta ndi kapha, komanso "moto" wogaya chakudya wotchedwa agni. Motowu ukafooka, amati m'thupi mumatsala zinyalala zotchedwa ama. Mabuku akalewo sanatchule diverticulitis, pakuti timatumbati timaoneka ndi makina a masiku ano. Asing'anga a Ayurveda a lero amawaika m'gulu la mavuto a agni ndi vata, ndipo malangizo awo a chakudya amakhala otere: idyani zophikidwa bwino, zofunda ndi zofewa, idyani pa nthawi yake, osakhutitsa, imwani madzi ofunda, chepetsani zokazinga, tsabola, mowa ndi nyama, gwiritsani ntchito zokometsera zofatsa monga jinja.

Palibe kafukufuku wamkulu wodalirika amene wasonyeza kuti Ayurveda imachiza diverticulitis kapena kutseka timatumba. Timatumba tikabwera sitichokanso. Komabe mukaona malangizo a m'khitchini amenewa, ambiri sakutsutsana ndi a dokotala. Pomwe pamafunika maso ndi pa zinthu za m'botolo ndi pa njira zochapa m'mimba.

Pamene m'mimba mwatupa

Choyamba ndi kuonana ndi dokotala, osati kusintha chakudya. Ululu wa m'munsi mwa mimba uli ndi eni ake ambiri. Kuno ku Kenya anthu amathamangira kunena kuti ndi amoeba kapena taifodi n'kukagula Flagyl pa kauntala. Kwa ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja palinso likodzo la m'matumbo. Kwa amayi pali mimba yokhala panja pa chiberekero ndi mavuto a thumba la mazira. Palinso matenda a chikhodzodzo, kupotana kwa matumbo ndi khansa ya m'matumbo. Dokotala amapima mimba ndi magazi, ndipo sikani ya CT ndi imene imatsimikiza bwino kuti ndi diverticulitis komanso ngati pali mafinya.

Ngati dokotala wanena kuti matendawo si aakulu ndipo mukachirire kunyumba, kadyedwe kamayenda motere:

- Masiku awiri kapena atatu oyamba, ngati ululu uli waukulu, imwani zamadzimadzi: madzi, msuzi wosefa wa nkhuku kapena wa masamba, tiyi wopanda mkaka, madzi a mpunga wowiritsa. Musapitirire masiku atatu popanda kuuza dokotala.
- Ululu ukayamba kuchepa, yambani zofewa zokhala ndi fayiba yochepa: phala la ufa woyera, mpunga woyera, mbatatesi yosenda yophwanya, dzira lowiritsa, nsomba kapena nkhuku yowiritsa, nthochi yakupsa, maungu.
- Pa nthawi imeneyi siyani kaye mgaiwa, nyemba za makoko, githeri, masamba aawisi ndi zipatso za makoko.

Apa ndi pomwe chakudya chodziwika kwambiri cha Ayurveda, chotchedwa khichdi kapena kitchari, chimalowera bwino. Ndi mpunga woyera wophikidwa pamodzi ndi mphodza zochotsa makoko mpaka zonse zitaphwanyika ngati phala. Mphodza ndi zomwe kuno amati ndengu, ndipo zachikasu zosenda kale amagulitsa ndi dzina lakuti moong dal. Tengani kapu imodzi ya mpunga, theka la kapu ya mphodzazo ndi makapu asanu kapena asanu ndi limodzi a madzi, thirani mchere pang'ono, kachidutswa ka jinja ndi kasupuni ka mafuta, phikani mpaka zifewe. Tsabola ndi anyezi wokazinga musaike. Si mankhwala, koma ndi chakudya chopepuka chomwe chili ndi zomanga thupi, ndipo chimaposa tiyi ndi buledi.

Odwala matenda a shuga asamale. Ngati mukubaya insulin kapena kumwa glibenclamide koma mukudya pang'ono, shuga atha kutsika kwambiri. Funsani dokotala mmene mungasinthire mlingo masiku amenewo.

Si aliyense amene amapatsidwa maantibayotiki. Malangizo a bungwe la NICE la ku England a mu 2019 amalola kuti wodwala pang'ono, amene thupi lake lili ndi mphamvu, angoyang'aniridwa popanda mankhwalawa. Koma mukapatsidwa, malizani monga mwauzidwira. Ngati ndi metronidazole, mowa ayi mpaka patapita masiku awiri mutamaliza. Ngati ndi ciprofloxacin, musamwere mkaka, chambiko kapena yogati, ndipo musamwe nthawi imodzi ndi mapiritsi a ayironi kapena mankhwala a chilungulira, chifukwa zimenezi zimalepheretsa mankhwalawo kulowa m'magazi. Izi n'zofunika kuzidziwa popeza Ayurveda imalimbikitsa kwambiri mkaka wosasa wosungunula ndi madzi, womwe amautcha takra. Ndi wofanana ndi chambiko chathu kapena mala wa kuno. Ndi wabwino, koma musiyanitse ndi mankhwalawo kwa maola angapo.

Mukachira: bwezerani fayiba pang'onopang'ono

Ululu ukatheratu, cholinga chimatembenuka. Tsopano mukufuna fayiba yokwanira, magalamu 25 mpaka 30 patsiku kwa munthu wamkulu. Musalumphire pamenepo tsiku limodzi, mimba idzadzaza mpweya ndipo mudzaganiza kuti matenda abwerera. Onjezerani chinthu chimodzi pakapita masiku angapo, kwa milungu itatu kapena inayi.

Simufunika sitolo yapadera. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi fayiba yoposa magalamu 10. Theka la peyala lili ndi pafupifupi magalamu 5. Nthochi imodzi, gwafa limodzi kapena mbatata imodzi yodya ndi khungu lake, chilichonse chimapereka magalamu atatu kapena anayi. Pamsika wa Kware kuno ku Rongai mupeza zambiri zomwe mumazidziwa, kungoti mayina ndi ena: terere ndi bonongwe, kunde ndi chitambe, managu ndi mnadzi, ndipo sukuma wiki amaphikidwa ngati repu. Chimanga mutha kukagayitsa kuchigayo chomwe amati posho mill, osakonola, n'kupeza mgaiwa weniweni. Ngati a m'nyumba sakonda mgaiwa, yambani ndi kusakaniza theka ndi ufa woyera. Phala la mawere kapena mapira m'mawa limathandizanso.

Fayiba popanda madzi imaumitsa chimbudzi m'malo mofewetsa. Imwani makapu asanu ndi atatu kapena kuposerapo patsiku, pokhapokha ngati dokotala anakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Akhale ofunda monga Ayurveda imanenera kapena ozizira, zilibe kanthu, bola amwedwe. Yendani mphindi 30 masiku ambiri pa mlungu, chepetsani nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi, ndipo ngati mumasuta, lekani.

Nanga mtedza, chimanga ndi mbuliwuli?

Kwa zaka zambiri odwala ankauzidwa kuti asadye mtedza, chimanga, mbuliwuli ndi zipatso za njere poopa kuti tizidutswa tikakamira m'timatumba. Mauthenga ambiri, kuphatikizapo ena a Ayurveda, amabwerezabe zimenezi. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 m'magazini ya zachipatala ya JAMA, yemwe anatsatira amuna oposa 47,000 ku America kwa zaka 18, sanapeze kuti zakudyazi zimawonjezera matendawa. Choncho pa nthawi ya bata, nsinjiro m'ndiwo, chiponde ndi chimanga chootcha palibe choletsa. Ngati chakudya china chimakuvutani inuyo panokha, chisiyeni, koma musasale zakudya zambirimbiri chifukwa cha mantha.

Za m'botolo ndi m'paketi

Isabgol ndi makoko a njere za chomera chotchedwa psyllium. Pa zonse zinali m'kajumbo kaja, ichi ndi chomwe madokotala amalembanso, ndipo m'mafamase chimapezeka ndi mayina monga Fybogel. Chimathandiza amene amadzimbidwa kapena amene fayiba ya m'chakudya sikuwakwanira. Yambani ndi kasupuni kamodzi ka tiyi m'kapu yodzaza madzi, imwani nthawi yomweyo chisanalimbe, kenako mwerani madzi ena. Musamwe chouma, musamwe pokagona, musamwe pamene m'mimba mwatupa kapena mukulephera kutulutsa mpweya. Siyanitsani ndi mankhwala ena, kuphatikizapo ma ARV ndi a BP, ndi maola awiri kapena kuposerapo.

Triphala ndi ufa wa zipatso zitatu zouma: amalaki, bibhitaki ndi haritaki. Imafewetsa m'mimba ndipo ena imawatsegula. Palibe umboni woti imateteza ku diverticulitis. Pa nthawi yotupa musaigwire, ndipo amayi oyembekezera ayipewe.

Mafuta a nsatsi, senna ndi kupopera madzi kapena mafuta kumbuyo ndi mbali ya njira zochapa m'thupi za Ayurveda zotchedwa panchakarma. Ifenso kwathu timakhulupirira kuchapa m'mimba. Koma kumbukirani kuti khoma la kathumba kotupa ndi lopyapyala. Kulikakamiza ndi mankhwala otsegula m'mimba mwamphamvu kapena ndi madzi opopera kungathe kuliboola, ndipo zikatero chimbudzi chimatayikira m'mimba, munthu n'kuthamangira naye ku opaleshoni. Ichi ndiye chifukwa chake botolo lija ndinalikana poyambirira.

Turmeric, ufa wachikasu uja wothira m'ndiwo, alibe vuto m'chakudya. Makapisozi ake amphamvu ndi nkhani ina: avulazapo chiwindi cha anthu ena, ndipo sagwirizana ndi warfarin. Mizu yotsekemera yotchedwa yashtimadhu kapena liquorice, yomwe imapezeka m'zosakaniza zambiri za m'mimba, imakweza BP.

Palinso vuto la zitsulo za poizoni. Mu 2004 ofufuza ku Boston anayeza mankhwala 70 a Ayurveda ogulidwa m'masitolo a kumeneko ndipo anapeza kuti 14 mwa iwo anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Mwa ena zitsulozi zimaikidwa dala, malinga ndi kapangidwe kotchedwa rasa shastra, ndipo mayina ake nthawi zambiri amakhala ndi mawu akuti bhasma kapena rasa. Mtovu umene umayambitsa kupweteka m'mimba ndi kudzimbidwa, zomwe munthu amafuna kuchiza. Musagule mankhwala opanda chizindikiro chonena zomwe zili mkati, dzina la wopanga ndi tsiku lotha mphamvu. Ku Kenya woyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Poisons Board, ndipo ku Malawi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Chilichonse chomwe mukumwa, chitengeni ndi paketi yake mukamapita kwa dokotala.

Mankhwala a ululu omwe ali m'nyumba mwanu

Pa ntchito yanga ndimaona kuti choopsa chachikulu nthawi zambiri si cha amwenye ayi, koma chomwe chili kale m'kabati. Ibuprofen, yomwe ambiri timaitcha Brufen, diclofenac ndi indomethacin zimawonjezera mpata woti timatumba tituluke magazi kapena tiphulike. Makolo athu ambiri amamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo ndi msana, ndipo ife omwe tili kunja ndi amene timawatumizira. Codeine ndi tramadol zimadzimbitsa. Prednisolone ndi anzake amabisa zizindikiro matenda akukula. Kwa munthu wa timatumba, mankhwala a ululu oyamba ndi paracetamol, Panado uja, osapitirira magalamu anayi patsiku kwa munthu wamkulu. Ngati dokotala anakupatsani aspirin chifukwa cha mtima kapena sitiroko, musasiye nokha. Kambiranani naye kaye.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

- Ululu waukulu womwe ukukulirakulira, kapena mimba yolimba ngati thabwa
- Kutentha thupi kwambiri kapena kunjenjemera
- Kusanza kosalekeza, kulephera kumwa ngakhale madzi
- Magazi ambiri m'chimbudzi, chizungulire kapena kukomoka
- Mimba kufufuma, osachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya
- Mpweya kapena zonga chimbudzi kutuluka pokodza kapena kunjira ya amayi
- Kusapeza bwino patapita masiku awiri mukuchirira kunyumba

Okalamba, odwala shuga kapena impso, ndi amene chitetezo chawo n'chotsika asadikire kuti zizindikiro zichuluke. Kwa iwo matendawa amatha kukula thupi lisanatenthe n'komwe.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala muli kutali

Ngati wodwalayo ndi mayi kapena bambo anu kumudzi, ndalama zomwe mukanagulira mabotolo zigwire ntchito zitatu. Yoyamba, apite kuchipatala akapimidwe bwino. Yachiwiri, funsani dokotala ngati akufunika kuunikidwa m'matumbo ndi kachipangizo kotchedwa colonoscopy, zomwe kawirikawiri zimachitika patapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu atachira. Cholinga chake ndi kutsimikiza kuti palibe khansa yobisala, makamaka ngati akuonda, magazi akuchepa kapena chimbudzi chasintha kwa nthawi yaitali. Yachitatu, muwapemphe ajambule mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa, a kuchipatala ndi azitsamba omwe, akutumizireni pa foni kuti muonetse katswiri wa zamankhwala komwe muli.

Mayi aja anabweranso patapita milungu isanu kudzafunsa kamwedwe ka isabgol. Amuna awo anali atayambiranso ntchito, nyemba akudya kawiri pa mlungu, ndipo chimanga akukagayitsa kuchigayo cha pafupi ndi kwawo. Mafuta a nsatsi anati akudzola kutsitsi.